KUBWERERA KU BANGULA: MBIRI YA MALO AMENE ADATILERA

A Mkonzi, achimwene ndi achemwali nonse a m'bungwe lathu,

Pamsonkhano wathu wapitawu padali pempho lakuti aliyense amene wapondako ku sukulu yathu posachedwapa alembe zimene adakaona, kuti anzathu amene ali kutali monga ku Mzuzu, ku Johannesburg ndi ku London amveko za kwathu. Ine ndidapitako m'mwezi wa Okutobala chaka chatha, pa ulendo wa ntchito za boma wopita ku Nsanje. Tsono ndaona kuti sikokwanira kungokusimbirani za makoma ndi malata. Sukulu yathu ili pa Bangula, ndipo Bangulayo ali ndi mbiri yake imene tidakhala pamwamba pake zaka zinayi zathunthu. Tidaloweza zaka za Bismarck ndi maina a mafumu a Mfecane chifukwa ndi zimene zinkabwera pa mayeso, koma za mlatho wa Chiromo, umene tinkapitako wapansi Loweruka, tinkangozimva kwa akuluakulu a pamsika. Lero ndikufuna ndizisonkhanitse pamodzi, kaamba ka chifukwa chimene mudzachimve kutsogoloku.

ZIMENE NDIDAPEZA PA SUKULU

Msewu mukuudziwa. Mukatsika zitunda za ku Thabwa ndi kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, mumadutsa Dyeratu, minda ya nzimbe ya pa Nchalo, Ngabu ndi Sorgin, kenaka mwafika. Kutentha kwa Okutobala sikudasinthe ngakhale pang'ono, ndipo thupi lozolowera mphepo ya ku Lilongwe lidakumbutsidwa msanga kumene lidakulira. Mitengo ya nimu ija tinkaithirira pa chibalo tsopano ndi zimitengo zazikulu, ana amawerengera pamthunzi pake. Makalasi ndidawaona ngati achepa, koma amene wakula ndine.

A Hedi adandilandira bwino ndipo adandipempha kuti ndilankhule ndi ana a Fomu 3. Pofuna kuti tizolowerane ndidawafunsa kuti ndani mwa iwo adakwerapo sitima ya pamtunda. Palibe adakweza mkono. Nditafunsa amene adaionapo ikuyenda, adakweza atatu okha, ndipo onsewo adaionera ku Limbe. Apo mtsikana wina wochokera tsidya la kummawa adaimirira nkufunsa mwaulemu kuti, "Bambo, kodi zitsulo zili ku siteshoni zija zidagwirapo ntchito zenizeni?"

Funso limeneli ndi limene landichititsa kulemba. Ife amene tidali pa sukuluyi pakati pa 1995 ndi 1998 ndife omaliza kubwera ku sukulu pa sitima, sutikesi ya malata pamutu, chiphaso cha sitima m'thumba la malaya. Mwana wa lero waima pa malo omwewo koma sakudziwa chimene chidaika tauni pamenepo.

MTSINJE USANAONE NJANJI

Eni chigwa chino kuyambira kalekale ndi Amang'anja, anthu a mfumu yaikulu Lundu, amene mtsinjewu amautcha Tchiri. Ankalima mapira ndi mchewere kumtunda, chimanga ndi mbatata m'madimba madzi akaphwa, ankaphika mchere, kusula makasu ndi kuwomba nsalu za thonje lawolawo Mzungu asanabwere. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi ndiye ankawamanga pamodzi pa nkhani ya mvula. Amene akufuna kuzama awerenge buku la Bambo Matthew Schoffeleers lotchedwa River of Blood la mu 1992, ndi la Elias Mandala, mwana wa m'chigwa momwemu, lotchedwa Work and Control in a Peasant Economy la mu 1990.

M'mwezi wa Januwale 1859 David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire pa sitima ya pamadzi yotchedwa Ma Robert. Adadutsa kwa Tengani, napitirira mpaka mathithi a Kapichira adamuletsa. Dambo lalikulu lija la kumpoto kwa sukulu yathu adalitcha Elephant Marsh chifukwa adati adawerengamo njovu pafupifupi 800. Lero njovu mulibe, mwatsala mvuu, ng'ona, mbalame ndi asodzi, ndipo mu 2017 dambolo lidalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse wa Ramsar.

Pa mathiriro a Ruo mu Shire, pa chilumba cha Malo, ndi pamene adamwalirira Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA pa 31 Januwale 1862. Bwato lake lidagubuduzika, mankhwala a kwinini nkupita ndi madzi, ndipo malungo adamupeza alibe chodzitetezera. Livingstone atabwerera kwawo adasiya amtengatenga ake, Amakololo, amene adali ndi mfuti ndipo adadziika ufumu pakati pa Amang'anja otopa ndi njala ndi ukapolo. Maina a Kasisi, Maseya, Katunga ndi Mlauli adachokera kumeneko. Wa kufupi ndi kwathu adali Chipatula, amene adalamulira dera la Chiromo mpaka pamene Mzungu wamalonda, George Fenwick, adamuwombera mu 1884.

Nkhani imene ndimafuna mwana aliyense wa pa Bangula aidziwe ndi ya mu 1889. M'chaka chimenecho msilikali wa Chipwitikizi, Serpa Pinto, adakwera chigwachi ndi gulu lankhondo pofuna kuti dera lonse la Shire likhale la Portugal. John Buchanan, amene ankaimirira boma la Britain ku Blantyre, adalengeza kuti dziko la kumpoto kwa Ruo lili m'manja mwa Angerezi. Anthu a Mlauli adamenyana ndi Apwitikiziwo ndipo ambiri adaphedwa ndi mfuti zachiwaya. Pa 11 Januwale 1890 boma la Britain lidalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake, ndipo Portugal idagonja. Pangano la mu 1891 lidaika Ruo ndi Shire kukhala malire. Choncho funso lakuti tidzaphunzira Chingerezi kapena Chipwitikizi, tidzalemba MSCE kapena mayeso ena, lidagamulidwa pa mathiriro omwe aja tinkakagulako mlamba wowamba.

NJANJI NDI THONJE

Boma la atsamunda litakhazikika mu 1891, Chiromo ndiye adali khomo la dziko. Sitima za pamadzi zochokera ku Chinde zinkakocheza pamenepo, padali a kasitomu, masitolo ndi nyumba za makampani. Koma madzi a m'nyanja ya Malawi adayamba kutsika chaka ndi chaka, ndipo Shire adachepa mpaka sitima zinkatitimira mumchenga. Ichi ndi chimene chidabweretsa njanji. Kampani ya Shire Highlands Railway idamanga njanji ya mamailosi 113 kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, kudzera tsidya lino, kuwoloka Shire pa Chiromo, nkukwera m'mbali mwa Ruo mpaka ku Blantyre, kumene sitima yoyamba idafika mu 1908. Madzi atapitirira kuchepa njanji idawonjezedwa mpaka ku Chindio pa Zambezi, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, udalumikiza dziko lino ndi doko la Beira. Kuyambira pamenepo fodya wa ku Lilongwe, tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, mchere, palafini ndi makina, zonse zinkadutsa pa Bangula.

Njanjiyo idapeza thonje. Bungwe la British Cotton Growing Association linkagawa mbewu ndi kugula thonje, ndipo msonkho wa nyumba unkakakamiza banja lililonse kupeza ndalama. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 chigwa chino ndicho chinkatulutsa gawo lalikulu la thonje la alimi achikuda mu Nyasaland. Nthawi yomweyo Asena ambiri ankawoloka malire kuthawa chibalo ndi misonkho ya Apwitikizi, makamaka nkhondo ya Makombe ya mu 1917 itatha. Ndi chifukwa chake pamsika wa Bangula munthu amakuthokoza kuti "takhuta" mnzake akuti "zikomo", ndipo palibe amene amadabwa.

Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Cha m'ma 1935 nyanja idadzazanso, Shire nkuyamba kuyenda mwamphamvu. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madimba achonde a ku Dinde ndi a m'mbali mwa Elephant Marsh adali atamira. Thonje lidalowa pansi, abambo ambiri adatenga ulendo wa ku Salisbury ndi ku Bulawayo pa sitima yomweyo, ena adasanduka asodzi. Mu 1948 madzi adakokolola mlatho wa Chiromo, ndipo njala yaikulu ya 1949 idapeza wina usanathe kumangidwa. Mlatho wachitsulo umene ife tidauona, wodutsapo sitima ndi galimoto, ndi umene udalowa m'malo mwake. M'zaka za m'ma 1950 kudabweranso mkangano wa malimidwe, pamene boma linkakakamiza anthu kukweza mizere m'dothi lamchenga lotentha. Anthu adakana, a ku Khulubvi adagwirizana nawo, ndipo mkwiyo umenewo udathandiza kuti chipani cha Congress chizike mizu m'chigwa muno.

Titalandira ufulu mu 1964 thonje lidadzukanso. ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971, Bangula adali ndi depoti yaikulu ndi makina opunthira thonje. Anzanga a m'zaka zathu mukukumbukira ngolo za ng'ombe zitandandalika m'miyezi ya Juni ndi Julaye, timauzi toyera tikuuluka nkukakamira pa yunifolomu, ndi magolosale akudzaza anthu tsiku la malipiro. Ambirife fizi yathu idachokera m'mabelo amenewo. Ine ndemwe, fizi ya Fomu 1 idalipiridwa ndi thonje la mayi anga ndi mbuzi ziwiri za amalume.

NKHONDO YA TSIDYA LINA

Chimene chidayamba kufooketsa Bangula ndi nkhondo ya ku Mozambique. Kuyambira mu 1970 dziko lathu lidali ndi njanji yachiwiri yopita ku Nacala, koma katundu wambiri ankadzerabe ku Beira. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo itakula, njanji ya Sena idaonongedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1986 mlatho wa Dona Ana udaphulitsidwa. Sitima za katundu wa kunja zidaleka. Idatsala ya anthu ndi katundu wa m'dziko momwemuno, yochokera ku Limbe kudzera ku Luchenza, Sandama, Sankhulani ndi Makhanga, kufika pa Bangula nkupitirira ku Nsanje.

M'malo mwa katundu kudabwera anthu. Kuyambira mu 1986 othawa nkhondo adalowa mwaunyinji, ndipo pofika 1992 m'Malawi mudali othawa oposa miliyoni imodzi. M'boma la Nsanje alendo adachuluka kuposa eni dera. Misasa ya Mankhokwe ndi Nyamithuthu idali ngati matauni. Ambiri mwa iwo sadali achilendo kwenikweni, chifukwa chilankhulo ndi chimodzi, mifunda ndi imodzi, ndipo anyakwawa ena adagawa malo kwa abale awo enieni. Ku pulayimale tidakhala nawo pansi pa mtengo umodzi, ndipo ndi iwo adatiphunzitsa kuwerenga manambala m'Chipwitikizi. Mitengo ya m'mapiri a kumadzulo, cha ku Mwabvi, idatha ndi nkhuni ndi milimo, ndipo dothi limene mvula inkakokolola kumeneko lidakwirira mitsinje ing'onoing'ono. Chilala cha 1992 chidatipeza tonse pamodzi, tikudya nsima ya ufa wachikasu, ena akukumba nyika m'dambo ng'ona zili pomwepo.

Pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo pofika 1995 alendo ambiri adali atabwerera. Kuno nako zinthu zidasintha. Riferendamu idachitika pa 14 Juni 1993, chisankho pa 17 Meyi 1994, ndipo chaka chomwecho sukulu za pulayimale zidakhala zaulere, ana nkuwonjezereka ndi oposa miliyoni imodzi m'chaka chimodzi. Ife tidalowa Fomu 1 m'nyengo imeneyo, aphunzitsi akuyamba kumene kulankhula za ndale mokweza mawu. Tonse tinkayembekeza kuti poti nkhondo yatha, sitima za ku Beira zibwerera posachedwa.

DZINJA LA 1997

Sizidatero. M'dzinja la 1997 Shire ndi Ruo adasefukira pamodzi. Madzi adasiya mlatho wa Chiromo uli chiimire koma adaboola mtumbira umene udanyamula njanji ndi msewu pakati pa mlathowo ndi Bangula, nkudzitsegulira njira yatsopano. Malo amenewo ndi amene timawatcha Mtayamoyo. Amene tidalipo tikukumbukira kuti tidapita kukaona njanji ikulendewera m'malere, mathabwa ake akadali omangirira, pansi pake madzi ofiira akuthamanga. Akuluakulu a pamsika ankati pakatha miyezi itatu akonza.

Taganizani zimene phompho limenelo lidachita. Mnzathu wa ku Makhanga kapena kwa Mlolo, amene ankafika pa sukulu mosavuta, tsopano ankayenera kukwera bwato pa madzi a ng'ona, kapena kuzungulira ulendo wautali wodzera ku Thabwa. Mlimi wa tsidya la kummawa adatalikirana ndi msika wa thonje. Mayi wodwala adatalikirana ndi chipatala cha boma ku Nsanje. Amayi ogulitsa nsomba, masau ndi malambe ku Limbe adataya mayendedwe otsika mtengo amene ankadalira. Mu 1999 njanji za dziko lino zidaperekedwa m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, ndipo maso onse adaloza ku Nacala. Kwa zaka zingapo sitima inkathera pa Makhanga nkubwerera. Siteshoni ya Bangula idangoti zii.

Pa ulendo wangawu ndidacheza ndi bambo wina wachikulire amene adali kapitawo wa gulu lokonza njanji. Ndidawapeza atakhala pa khonde la golosale ndipo nditawalonjera adati, "Mwanawe, ndiwe wa kwa yani?" Nditafotokoza, adandisimbira mmene ankayendera njanji mamawa uliwonse ndi nyundo, kumvetsera kulira kwa chitsulo kuti adziwe pamene pamasuka. Adatchula masiteshoni onse kuchokera ku Limbe mpaka ku malire osaphonya ngakhale imodzi. Pomaliza adati mwa anzawo a pa gululo atsala awiri okha.

ZAKA ZA MADZI

Zochitika pambuyo pake ambiri mudazimva pa wailesi. M'mwezi wa Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adatsegulira doko la Nsanje pofuna kubwezeretsa ulendo wa pamadzi wa nthawi ya Livingstone, koma boma la Mozambique silidalole kuti sitima zidutse mu Zambezi kafukufuku asanachitike, ndipo dokolo silidagwire ntchito. M'mwezi wa Januwale 2015 kudabwera chigumula chimene chidasamutsa anthu pafupifupi 230,000 m'dziko muno, 106 nkumwalira ndipo 172 osapezeka. Ruo adasiya njira yake nkudzera m'midzi ya ku Makhanga. Mu 2019 namondwe wa Idai adabweretsanso madzi, ndipo mashedi a ADMARC a pa Bangula, amene kale munkadzaza mabelo a thonje, adasanduka msasa wa anthu othawa madzi, ena ochokera ku Mozambique. Mu 2022 kudabwera Ana ndi Gombe, mu 2023 Freddy.

Koma musaganize kuti ndidapeza manda. Msewu wa ku Nsanje umene m'masiku athu udali fumbi ndi zigwembe udathiridwa phula. Msika wakula, akabaza ndi a njinga zamoto ali ponseponse, pafupifupi aliyense ali ndi foni. Ng'ombe ndi mbuzi zikukwerabe malole kupita ku Blantyre. Boma lidayamba ntchito yokonzanso njanji ya makilomita 72 kuchokera ku Marka kufika pa Bangula, ndipo mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira idafika pa Marka koyamba patapita zaka pafupifupi 40. Pamene ndinkadutsa inali isanafike pa Bangula, ndipo pa Mtayamoyo anthu ankawolokabe pa mabwato, njinga ndi matumba zili momwemo.

Mukaiyang'ana mbiri yonseyi muona chinthu chimodzi chikubwerezabwereza. Zimene zidakweza kapena kugwetsa Bangula zidagamulidwa kutali: ku London ndi ku Lisbon mu 1890, m'maofesi a makampani a njanji, m'nkhalango za Gorongosa, ndi m'mapiri a Mulanje ndi Thyolo kumene mitengo ikadulidwa madzi ake amathera pakhomo pathu. Anthu a m'chigwa ankangolandira zotsatira. Kusiyana kwa lero nkwakuti ana a m'chigwa chomwechi, ophunzira pa sukulu yathu, tili m'maofesi mmene zinthu zotere zimakambidwa. Ena ndinu mainjiniya, ena muli ku zachuma, ena ku zaulimi ndi zanyengo, ena ndinu aphunzitsi ndi anamwino. Ine nditamaliza ku Chancellor College ndidalowa m'boma, ndipo ndaona kuti pa tebulo pakakhala munthu mmodzi wodziwa kusiyana kwa mphala ndi dimba, kapena chifukwa chimene mlimi amakanira kusamuka pa dothi lachonde, zokambirana zimayenda mwina.

PEMPHO LANGA KU BUNGWE

Ndili ndi mapempho atatu amene ndikupempha komiti kuti iike pa mndandanda wa msonkhano ukubwerawu.

Loyamba, tisonkhanitse mbiri akuluakulu asanathe. Kapitawo uja, amayi amene ankagwira ntchito yosankha thonje, anyakwawa amene adalandira othawa nkhondo, aphunzitsi athu opuma, onsewa ali ndi zaka zambiri. Ana a kalabu ya History angathe kuwajambula mawu pa foni patchuthi ngati ife titapereka ndalama ya mayendedwe ndi makope. Amene muli ndi zithunzi za siteshoni, za mlatho kapena za sukulu, tumizani kwa a Mkonzi.

Lachiwiri, tigule mabuku a mbiri ya chigwa chino, monga awiri ndatchula aja, tikapereke ku laibulale ya sukulu. Mwana akawerenga dzina la mudzi wake m'buku losindikizidwa amayamba kudziona mwina.

Lachitatu, pa thumba lathu lothandiza ana ovutika tiikepo gawo la ana a tsidya la kummawa, makamaka atsikana, amene ulendo wawo wa ku sukulu umadula ndiponso umaopsa kuposa wa ena. Mutu umodzi susenza denga, koma tikasonkha mwezi ndi mwezi, ngakhale pang'ono, tidzasenza.

Mtsogolomu ndikadakonda kuti anzathu amene adatitsogolera m'zaka za m'ma 1980, amene adaona sitima za ku Beira ndi maso awo, alembenso zawo m'kalata ino, ndipo amene adabwera pambuyo pathu atiuze za 2015. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Ndikupereka moni kwa a m'kalasi la 1998 kulikonse kumene muli, ndipo tionane pamsonkhano.

Ine mnzanu,
Wophunzira wakale, kalasi la 1998
Lilongwe